Digiri siikumangirira pa ntchito imodzi

Chaka ndi chaka, mayina a ana osankhidwa kupita ku yunivesite akangotuluka, nkhani yomweyi imadzukanso: akuti digiri imene wasankha ndiyo ntchito yako mpaka kupuma, ndipo amene wapatsidwa zauphunzitsi adzafera pa choko. Tatopa nazo zimenezi.

Inde, zilipo ntchito zimene khomo lake ndi limodzi. Udokotala, unamwino ndi uloya zimafuna maphunziro akeake komanso chilolezo. Koma zambiri sizitero. Wophunzira zauphunzitsi amazama pa phunziro lenileni, kaya masamu kaya Chingerezi, ndipo masamuwo kubanki amawafuna ngati mmene amawafunira m'kalasi. Komanso kuphunzitsako si chilango ayi.

Choncho musathamangire kutumiza uthenga wofooketsa mwana pa gulu la achibale musanafufuze. Tengani nyuzipepala, muwerenge mofatsa tsamba lolengeza ntchito. Muona kuti mabwana ambiri amatchula madigiri angapo, n'kuwonjezera kuti ina yofananako ailandiranso, koma pamene amalimbikira ndi pa zaka zimene munthu wagwirapo ntchitoyo. Funsaninso amene anamaliza maphunziro omwewo kuti pano akugwira kuti, ndipo analowako bwanji.