Kodi ofufuza amanamiza odwala ndi mankhwala opanda mphamvu?

Pamsika wa Lizulu ndinamva mayi wina wogulitsa kachewere akuuza anzake kuti olowa m'kafukufuku wa mankhwala amabayidwa madzi wamba mowapusitsa. Mawuwa anandikhudza, chifukwa ali ndi kachoonadi pang'ono kamene kapotozedwa.

N'zoona kuti m'kafukufuku wina gulu limodzi limalandira placebo, yomwe ingakhale piritsi la shuga kapena jakisoni wa madzi amchere, yofanana ndi mankhwala enieni m'maonekedwe koma yopanda mphamvu yochiza. Munthu amatha kumvako bwino pongokhulupirira kuti wathandizidwa, ndipo matenda ena, monga chimfine, amatha okha. Choncho popanda gulu loyerekezera nalo, ofufuza sangadziwe ngati mankhwala atsopanowo ndiwo achiza. Magulu amagawidwa mwamaere, ndipo kawirikawiri ngakhale dokotala sadziwa amene walandira chiyani, kuti asakondere polemba zotsatira.

Kupusitsa kumene mayi uja amanenako malamulo salola. Munthu asanasaine kapena kudinda chala pachikalata chovomera, amauzidwa kuti mwina adzagwera m'gulu la placebo, ndipo ali ndi ufulu wokana kapena wosiya nthawi iliyonse popanda kumanidwa chithandizo kuchipatala. Mfundo za padziko lonse zotsogolera kafukufuku wochitidwa pa anthu, zotchedwa Declaration of Helsinki, zomwe zinakhazikitsidwa koyamba mu 1964, zimaletsa kumana wodwala mankhwala odziwika kale ngati kutero kungamuvulaze kwambiri. Kuno ku Malawi kafukufuku sayamba asanavomerezedwe ndi komiti monga National Health Sciences Research Committee.