Dzina lanu lili pa khadi, koma akaunti ndi ya wina

Mayi wina wa kwathu, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Britain, anabwera ku ofesi yanga ndi envelopu yodzaza malisiti, nkhope ili gwaa. Anali atalipira kampani ina yotumiza katundu kumudzi kuti iwanyamulire migolo iwiri ya zovala ndi ziwiya yopita kwa mayi awo, koma kampaniyo inatseka katunduyo asanachoke n'komwe. Ndalamazo analipira ndi kirediti khadi yolembedwa dzina lawo, ndipo mnzawo wa kuntchito anali atawatsimikizira kuti ku Britain munthu akalipira ndi khadi la ngongole banki imabweza. Ataimba foni ku banki n'kutchula nambala ya khadi, dzina ndi tsiku lobadwa, wothandiza makasitomala anawayankha mwaulemu kuti: "Pepani mayi, sitingathe kukambirana nanu za akauntiyi, tiyenera kulankhula ndi mwini wake." Mwini wakeyo anali amuna awo, amene anawatengera khadi lachiwiri chaka chimene anafika m'dziko muno. Funso lawo kwa ine linali lomveka: zitheka bwanji kuti khadi lili ndi dzina langa, ndimagulira zinthu tsiku ndi tsiku, mwezi ukatha ndimaponyamo ndalama za malipiro anga, koma banki n'kumanena kuti sikundidziwa?

Yankho lake lagona pa siginecha. Akaunti ya kirediti khadi ndi mgwirizano wa ngongole, ndipo ku Britain mgwirizano wotere pafupifupi nthawi zonse umakhala pakati pa banki ndi munthu mmodzi, amene anafufuzidwa mbiri yake ya ngongole n'kusayina. Akaunti yosungira ndalama ingathe kukhala ya anthu awiri, koma makhadi a ngongole a anthu awiri mofanana sapezekapezeka kuno. Khadi lowonjezera, limene mabanki amalitcha additional card, ndi chilolezo chimene mwini akaunti wapereka kwa mkazi wake, mwamuna wake kapena mwana wake wamkulu choti azigulira zinthu pa ngongole yakeyo. Dzina lolembedwa pa pulasitikiyo limangosonyeza amene waloledwa kuligwiritsa ntchito, osati amene wakongola. N'chifukwa chake anthu ambiri amene angofika kumene amayamba ndi khadi lotere, pakuti banki siwafunsa mbiri ya ngongole imene sanakhale nayo.

Pali ubwino umodzi waukulu m'dongosolo limeneli, ndipo ndi bwino kuutchula tisanafike pa zowawa. Wa khadi lachiwiri alibe ngongole ku banki. Ngakhale atagula zinthu zambiri chotani, amene banki idzamulondole kuti abweze ndalama pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi mwini akaunti yekha, ndipo akalephera kulipira, mbiri imene idzadetsedwe ku makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, monga Experian, Equifax kapena TransUnion, ndi yake. Koma ubwino womwewu uli ndi mbali yake ina imene ambiri saiganizira: munthu angathe kugwiritsa ntchito khadi lachiwiri zaka zisanu, n'kumathandiza kulipira mokhulupirika, koma tsiku limene adzafune ngongole yogulira nyumba adzapeza kuti zaka zonsezo sizinalembedwe m'dzina lake. Ku America zimasiyana, chifukwa mabanki ambiri kumeneko amalemba akauntiyo pa mbiri ya wa khadi lachiwiri, ndipo malangizo ambiri amene anthu amawerenga pa intaneti amachokera kumeneko. Amene amakhala ku Leeds kapena ku Glasgow asamawadalire.

Nkhani yokana kulankhula ndi wa khadi lachiwiri si mwano wa ogwira ntchito. Zonse zokhudza akaunti, monga ngongole imene yatsala, malire a ndalama zimene angakongole ndi zimene mwini wake wagula, ndi zinsinsi za kasitomala, ndipo malamulo oteteza zinsinsi za anthu, kuphatikizapo Data Protection Act ya 2018, salola banki kuziulula kwa munthu wina popanda chilolezo, ngakhale akhale wa m'nyumba yomweyo. Mabanki amasiyana pa zimene amalola: ena amapatsa wa khadi lachiwiri mwayi woona pa foni zimene iye wagula, ena samupatsa chilichonse, koma pafupifupi onse amalandira uthenga wake akanena kuti khadi latayika kapena labedwa. Kukweza malire a ngongole, kusintha adiresi, kutseka akaunti ndi kupereka dandaulo ndi za mwini wake. Iyeyo amaona pa sitetimenti chilichonse chimene mnzake wagula, ndipo angathe kuimitsa khadi lachiwirilo ndi foni imodzi popanda kufunsa. M'banja lamtendere zimenezi si kanthu, koma ndaonapo mabanja amene khadi lotere linasanduka chingwe, ndipo lamulo la Domestic Abuse Act la 2021 limawerengera kupondereza mnzako pa nkhani ya ndalama m'gulu la nkhanza za m'banja.

Tibwerere kwa mayi aja ndi migolo yawo, pakuti pamenepo m'pamene pali nkhani yeniyeni. Chimene mnzawo wa kuntchito ankanena ndi gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act la 1974, limene anthu amangolitchula kuti Section 75. Gawoli limati munthu akagula chinthu cha mtengo woposa £100 koma wosapitirira £30,000 ndi kirediti khadi, ndiye wogulitsa n'kuphwanya mgwirizano kapena kunama za katunduyo, banki imene inapereka khadilo ili ndi mlandu mofanana ndi wogulitsayo. Wogula angathe kupita ku banki mwachindunji ngakhale wogulitsa atatseka kapena kuthawa. Chitetezochi chimagwira ntchito ngakhale munthu atangolipira gawo la mtengo ndi khadi, zotsalazo n'kulipira mwanjira ina, ndipo mu 2007 khoti la House of Lords, pa mlandu wa pakati pa Office of Fair Trading ndi Lloyds TSB pamodzi ndi mabanki ena, linagamula kuti chimakhudzanso zogula kunja kwa dziko. Anthu ambiri anapulumutsa ndalama zawo kudzera m'lamuloli pamene makampani a ndege monga Monarch mu 2017 ndi Flybe mu 2020 anagwa.

Vuto n'lakuti lamuloli linalembedwa poganizira anthu atatu olumikizana: wokongola, wokongoza ndi wogulitsa. Amene ali ndi ufulu wokadandaula ndi wokongola, ndipo iyeyo ayenera kukhala kuti ali ndi mgwirizano ndi wogulitsa umene waphwanyidwa. Pa nkhani ya mayi aja, wokongola anali amuna awo, koma amene anapangana ndi kampani yonyamula katundu, amene dzina lawo linali pa lisiti, anali iwowo, ndipo katunduyo anali wopita kwa mayi awo. Amunawo analibe pangano ndi kampaniyo, pamene mayiwo analibe pangano ndi banki. Unyolo unaduka pakati, ndipo banki inali ndi poimira pokana.

Sikuti nthawi zonse zimathera pomwepo. Ngati wa khadi lachiwiri wagula chinthu m'malo mwa mwini akaunti, kapena chinthu cha onse awiri chimene mwini akauntiyo ali nawo m'panganolo, monga ulendo wa banja lonse umene dzina lake lili pa matikiti, kapena firiji ya m'nyumba imene anagwirizana kugula, dandaulo lingathe kumveka. Bungwe la Financial Ombudsman Service, limene limaweruza madandaulo a makasitomala kwaulere, limayang'ana nkhani iliyonse payokha, ndipo chimene limafuna kuona ndi umboni wakuti mwini akaunti anali mbali ya mgwirizanowo. Kunena pakamwa kuti "ndife banja, zathu n'zimodzi" sikukwanira, ngakhale kwathu mawu amenewo akanathetsa nkhani pabwalo. Maganizo anga ndi akuti lamuloli latsalira m'mbuyo pa mfundo imeneyi, chifukwa banki imapindula ndi malonda a khadi lachiwiri chimodzimodzi ndi a khadi loyamba, koma kufikira litasinthidwa, langizo limene ndimapereka n'limodzi: chinthu chilichonse chodula, kaya ndi tikiti yopita ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, kaya ndi malipiro otumizira galimoto kumudzi, agule mwini akaunti ndi khadi lake, ndipo dzina lake lioneke pa lisiti. Dziwaninso kuti kugula tikiti kudzera kwa ejenti, kapena kulipira kudzera kwa mkhalapakati monga PayPal, nthawi zina kumadula unyolo womwewo ngakhale wogula atakhala mwini akaunti.

Njira ina imene inatsala kwa mayi aja ndi imene imatchedwa chargeback. Imeneyi si lamulo la boma koma dongosolo la makampani a makhadi, Visa, Mastercard ndi American Express, limene limalola banki ya wogula kuitanitsa ndalama kuchokera ku banki ya wogulitsa ngati katundu sanafike kapena wafika wosiyana ndi amene analonjezedwa. Ubwino wake ndi wakuti siyang'ana kwambiri kuti wokongola ndani, koma imayang'ana malipirowo, ndipo imagwiranso ntchito pa makhadi wamba otapira ndalama za mu akaunti, amene ndi ofala kwathu ku Malawi kuposa a ngongole. Kuipa kwake ndi nthawi, chifukwa kawirikawiri pempho liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 120, ndipo mabanki ambiri amafunabe kuti alipereke ndi mwini akaunti. Mayi aja anali atataya milungu ingapo akuyembekezera kuti kampaniyo iyankha mauthenga awo a pa WhatsApp. Tsiku lomwelo tinaimbira amuna awo ali pa nthawi yopuma kuntchito, iwo n'kuuza banki kuti akuloleza akazi awo kulankhula m'malo mwawo pa nkhaniyo, ndipo pempho linalowa nthawi isanathe.

Chilolezo chimenecho n'chinthu chimene banja lingathe kukonzeratu zinthu zisanavute. Mabanki ambiri ali ndi fomu yolola munthu wina kulankhula za akaunti, ndipo kwa amene akudwala kapena akukalamba, ku England ndi ku Wales kuli chikalata cha Lasting Power of Attorney, chopatsa munthu wina mphamvu zowayendetsera nkhani za ndalama, chimene chimalembetsedwa ku Office of the Public Guardian. Banki ikakana dandaulo, kapena pakatha milungu 8 isanapereke yankho lomaliza, mwini akaunti angathe kupita kwa Ombudsman, ndipo ali ndi miyezi 6 kuchokera tsiku la kalata yomalizayo. Wa khadi lachiwiri angathe kuyendetsa dandaulolo ngati womuimira, koma osati m'dzina lake.

Pali nthawi ziwiri zimene khadi lachiwiri limapweteka anthu mosayembekezera. Yoyamba ndi pamene banja lasokonekera: zonse zimene mnzanu wagula khadi lisanaimitsidwe ndi ngongole yanu inu mwini akaunti, chifukwa munamupatsa nokha, ndipo banki siziona ngati kuba. Yachiwiri ndi maliro. Mwini akaunti akamwalira, chilolezo chimene anapereka chimathera pomwepo, ndipo khadi lachiwiri siliyenera kugwiritsidwanso ntchito ngakhale makina akadalilandira. Ndaonapo amasiye amene anagulira khadi lotere tikiti yoperekezera thupi kumudzi, poganiza kuti ndalamazo n'za m'nyumba, kenaka n'kulandira kalata yowafunsa kuti abweze okha. Ngongole imene inalipo tsiku la imfa imalipidwa kuchokera pa chuma cha malemu, ndipo wamasiye amene anangokhala ndi khadi lachiwiri sakakamizidwa kuilipira ndi ndalama zake, koma zimene wagula pambuyo pa tsikulo banki ili ndi ufulu womufunsa iyeyo.