Tepi yodula imene inavutitsa Doctor Who

Gawo loyamba la Doctor Who, sewero la pa TV la BBC ku Britain, linajambulidwa kawiri. Mu September 1963, Verity Lambert, mayi wa zaka 27 amene BBC inamupatsa udindo woyang'anira seweroli, ndi wotsogolera wake Waris Hussein, mnyamata wobadwira ku India, anakaonetsa ntchito yawo kwa bwana wawo Sydney Newman. Bwanayo anaikana. Zitseko za TARDIS, chombo choyenda m'nthawi chooneka ngati bokosi la apolisi, zinkakana kutsekeka n'kumachita phokoso pamene anthu ali pakati polankhula, ndipo William Hartnell anasewera Doctor, mwini nkhani m'seweroli, mwaukali woti ana akanathawa pa TV. Anabwereza. Tsoka linanso, gawolo linaulutsidwa pa 23 November 1963, pulezidenti wa America John F. Kennedy ataphedwa dzulo lake, moti BBC inachita kulionetsanso sabata yotsatira.

Ankajambulira mu Studio D ku Lime Grove, mu London, chipinda chopanikiza, chotentha ndi magetsi, chokhala ndi makamera akale olemera. Koma mutu weniweni unali pa tepi. Tepi ya nthawi imeneyo inali ya mainchi awiri m'lifupi ndipo inali yodula kwabasi. Munthu akafuna kuchotsa polakwika ankaidula ndi lezala n'kuimata, ndipo tepi yodulidwadulidwa sinkakhalanso yabwino kuigwiritsa ntchito kachiwiri. Choncho gawo la mphindi 25 ankalijambula madzulo amodzi, mongotsatana ngati sewero la pa siteji, osaima pafupipafupi. Hartnell akapunthwa lilime kapena kuiwala mawu, anzake ankangomupulumutsa pomwepo, kamera ikupitirira. Zolakwika zakezo zilipobe m'zigawo zimene zinatsala, ndipo kwa ine ndi zomwe zimamupangitsa kuoneka ngati gogo weniweni.

Ma Dalek, zilombo zokhala m'zigoba zachitsulo zomwe ndi adani a Doctor, nawo anabadwa mu umphawi womwewo. Newman anali ataletsa zilombo za maso otong'oka, koma Lambert anakakamira nkhani ya ma Dalek imene analemba Terry Nation. Raymond Cusick anakonza chigoba chimene munthu ankakhala mkati mwake pa kampando, akukankha ndi mapazi, ndipo dzanja lake limodzi linali chija chotsegulira sinki ikatsekeka. Ana a ku Britain anachita nacho misala.

Chowawa chinabwera pambuyo. Popeza tepi inali chuma, kuyambira cha m'ma 1967 mpaka 1978 BBC inkafufuta masewero akale kuti ijambulirepo atsopano. Palibe ankaganiza kuti wina adzawafunanso. Zigawo zoposa 90 za m'ma 1960 zikusowabe mpaka pano, zambiri za Patrick Troughton, amene analowa m'malo mwa Hartnell mu 1966 thanzi la mkuluyo litayamba kufooka.

Zimene zinapulumuka, zambiri ndi makope a filimu ya 16mm amene ankagulitsidwa kunja, kuphatikizapo ku Zambia, n'kumapatsirana kuchokera siteshoni ina kupita ina. Mu 2013 kunalengezedwa kuti Philip Morris, munthu wofufuza mafilimu akale otayika, wapeza zigawo zisanu ndi zinayi zosowa pa siteshoni ina ku Jos, ku Nigeria, zitangounjikidwa pa shelefu. Mawu okha a zigawo zonse zosowazo alipo, chifukwa oonera ena ankawajambula okha kunyumba, ena atangoika maikolofoni pafupi ndi TV, sewero likuulutsidwa.