Nambala 42, 99 ndi 6: mmene ligi yonse imapumitsira jezi ya munthu mmodzi

Pa 15 Epulo 1997, masewero a baseball pakati pa New York Mets ndi Los Angeles Dodgers pabwalo la Shea Stadium anaimitsidwa ali mkati. Mkulu wa Major League Baseball, a Bud Selig, analowa m'bwalo pamodzi ndi Pulezidenti Bill Clinton komanso mayi Rachel Robinson, mkazi wa malemu Jackie Robinson, ndipo analengeza kuti kuyambira tsiku limenelo palibe timu ya m'ligiyo imene idzapatsenso wosewera watsopano nambala 42. Panali patatha zaka 50 ndendende chilowereni Jackie Robinson m'bwalo atavala jezi nambala 42 ya Brooklyn Dodgers, munthu wakuda woyamba kusewera m'ligiyo m'nthawi yamakono. Aka kanali koyamba kuti ligi yaikulu ya ku America ipumitse nambala m'matimu ake onse. Mkangano woti ndaninso akuyenera ulemu wotere unayambira pomwepo, ndipo mpaka lero sunazilale.

Kupumitsa nambala pakokha n'kwakale kuposa apa, koma kunali nkhani ya timu imodzi ndi anthu ake. Mu Disembala 1933, Ace Bailey wa timu ya hockey ya Toronto Maple Leafs anagwetsedwa ndi Eddie Shore wa Boston Bruins, nasweka chigaza, ndipo sanasewerenso. Mu Febuluwale 1934 timu yake inachotsa nambala 6 pamndandanda. Ku baseball anayamba ndi a New York Yankees, amene anasunga nambala 4 ya Lou Gehrig matenda atamulekeza kusewera mu 1939. Onani kuti mwambowu unabadwira pachisoni. Zoti nambala ipume chifukwa mwini wake anagoletsa kwambiri kapena anatenga zikho zambiri zinabwera pambuyo.

Mwambo wa timu imodzi suvuta kuumvetsa. Amene anamuonera katswiriyo ndi omwewo amene amakweza maso kudenga la bwalo n'kuona nsalu yolembedwa nambala yake ili lende. Ligi ikalowererapo zinthu zimasintha, chifukwa imalamula ngakhale matimu amene munthuyo ankawasautsa, ndi ena amene kunalibe iye akusewera, kuti amulemekeze. Pamafunika chifukwa choposa luso.

Robinson anali nacho chifukwa chimenecho. Asanafike iye, osewera akuda ankasewera m'maligi awoawo, ndipo iye mwini anasewerako Kansas City Monarchs mu 1945. A Branch Rickey, mkulu wa Dodgers, anamutenga atagwirizana kuti asabwezere akatukwanidwa. Anayamba wamutumiza ku timu yawo yaing'ono ya ku Montreal mu 1946, kenako n'kumukweza mu 1947. Anatukwanidwa m'mabwalo, analandira makalata omuopseza kuti aphedwa, mahotela ena ankakana kumugoneka pamodzi ndi anzake a timu. Pakati pa zonsezi anakhala wosewera watsopano wopambana wa 1947, wosewera wopambana wa National League (limodzi mwa magawo awiri a ligiyo) mu 1949, ndipo anatenga nawo chikho chachikulu cha World Series mu 1955. Timu iliyonse ya m'ligiyo inasintha chifukwa cha chitseko chimene iye anatsegula, ndiye timu iliyonse ili naye ngongole. Apa mpamene pagona kusiyana kwa 42 ndi manambala ena onse.

Kachitidwe kake kali ndi mbali zimene anthu ambiri sazilabadira. Ligi silanda jezi kwa amene akuivala kale. Imangoletsa kupereka nambalayo kwa munthu watsopano, ndipo amene ali nayo amaisunga mpaka atasiya kusewera kapena ataisintha yekha. Izi zimatenga nthawi. Mariano Rivera wa Yankees anali atavala kale 42 pamene lamulo linkaperekedwa, ndipo anaivalabe mpaka mu 2013, zaka 16 pambuyo pake. Popeza iyenso anali katakwe, a Yankees anaipumitsa kachiwiri m'dzina lake. St. Louis Cardinals anachita chimodzimodzi mu 2006 ndi Bruce Sutter. Choncho m'mabwalo ena nambala imodzi ikuimira anthu awiri, ndipo timu iyenera kupeza njira yosonyezera kuti iyi ndi ya uyu, iyo ndi ya uyo.

Panabukanso dandaulo lina lomveka. Osewera ena akuda, monga Mo Vaughn, ankavala 42 mwadala pofuna kulemekeza Robinson. Kupumitsa nambalayo kunatanthauza kuti mnyamata wobwera m'mbuyo sangachitenso zimenezo. Ulemu unatseka njira ya ulemu unzake. Yankho linachokera kwa wosewera: mu 2007 Ken Griffey Jr. anapempha chilolezo choti avale 42 pa 15 Epulo, ligi inavomera n'kutsegulira enanso, ndipo kuyambira mu 2009 osewera onse, aphunzitsi ndi oyimbira masewero amavala 42 tsiku limenelo. Kumsana kwa jezi sikukhala dzina. Mukayang'ana m'bwalo mumaona woponya, womenya ndi wowakha onse ali 42, ndipo olemba zotsatira amachita kudalira nkhope ndi malo amene munthu waima kuti adziwe ndani wachita chiyani. Ife timaona kuti chinthu champhamvu kwambiri pankhani yonseyi ndi tsiku limeneli, pamene nambala yopumitsidwa imabwerera pamisana ya anthu amoyo.

Ligi ya hockey ya NHL inatsatira patangopita zaka zochepa, koma pachifukwa china. Wayne Gretzky anasewera masewero ake omaliza mu Epulo 1999, ndipo mu Febuluwale 2000, pamasewero a akatswiri ku Toronto, nambala 99 inapumitsidwa m'ligi yonse. Luso lake palibe angalitsutse: zigoli 894, mipira yopatsira ogoletsa 1,963, mapointi 2,857, ndi zikho za Stanley Cup zinayi ali ku Edmonton Oilers. Nambalayo inkadziwika ngati yake yokha, ndipo anaipeza mwangozi ali wachinyamata ku Sault Ste. Marie, pamene 9 ya Gordie Howe imene ankaifuna inali ndi mwini kale. Panalibe amene akanalimba mtima kuivala, ndiye ligi sinataye kalikonse. Komabe chigamulochi chinabweretsa muyeso watsopano, woti kukhala wopambana onse n'kokwanira. Vuto la muyeso umenewu ndi loti ziwerengero zimapitiriridwa. Mu Epulo 2025 Alexander Ovechkin anagoletsa chigoli chake cha 895 n'kumudutsa Gretzky. Kodi ndiye nambala yake 8 nayonso ipume paliponse? Nanga Willie O'Ree, wakuda woyamba mu NHL mu 1958, amene nambala yake 22 inapumitsidwa ndi a Boston Bruins okha mu 2022?

Ligi ya basketball ya NBA inadikira mpaka imfa ya Bill Russell pa 31 Julayi 2022. Pa 11 Ogasiti ligi ndi bungwe la osewera analengeza limodzi kuti nambala 6 yapuma. Russell anali nazo mbali zonse ziwiri: zikho 11 m'zaka 13 ali ku Boston Celtics, mphunzitsi wamkulu wakuda woyamba m'ligiyo mu 1966, ndiponso munthu amene anakana kusewera ku Lexington mu 1961 anzake akuda atakanizidwa chakudya, amene anali nawo pachionetsero chofuna ufulu wa anthu akuda ku Washington mu 1963, amene anakhala pambali pa Muhammad Ali ku Cleveland mu 1967 pomuthandiza atakana kulowa usilikali. LeBron James, amene ankavala 6 ku Lakers, anali ndi ufulu woisunga, koma anabwerera ku 23 mu 2023. Chigamulochi chinayankhanso funso lina mwakachetechete. Kwa zaka zambiri anthu ankafuna kuti 23 ya Michael Jordan ipume m'ligi yonse, ndipo Miami Heat, timu imene Jordan sanaisewereko n'komwe, inaipumitsa mu 2003. Ligi inasankha Russell.

Mlandu wovuta kwambiri ndi wa Roberto Clemente. Anali wa ku Puerto Rico, anasewera Pittsburgh Pirates moyo wake wonse wa m'ligi, anafika pa ma hit 3,000 (kumenya mpira n'kufika bwinobwino pa base), ndipo anafa pa 31 Disembala 1972 ndege imene inanyamula thandizo la anthu okhudzidwa ndi chivomerezi ku Nicaragua itagwera m'nyanja. A Pirates anapumitsa 21 mu 1973. Kwa osewera ochokera ku Latin America, amene lero ndi ambiri zedi mu baseball, Clemente ndi kholo, ndipo pempho loti 21 ipume paliponse lakhala likubwerezedwa. Otsutsa amati ulemu wa Robinson ukagawidwa upepuka. Mbali zonse zili ndi mfundo. Ndipo muyeso wa "amene anatsegula chitseko" nawonso suli wopanda banga: Larry Doby analowa mu American League, gawo lina la ligi yomweyo, ndi Cleveland mu Julayi 1947, patangopita milungu 11 chilowereni Robinson, anakumana ndi tsankho lomwelo, koma 14 yake inapuma ku Cleveland kokha.

Tsono pali masamu. Manambala ovala kumsana ndi pafupifupi 100, kuyambira 0 mpaka 99. Timu ya NBA imasunga osewera 15, ndiye ngakhale Celtics, amene apumitsa manambala oposa 20, sasowa. A Yankees anamaliza manambala onse kuyambira 1 mpaka 9 pamene 2 ya Derek Jeter inapuma mu 2017. Ku NFL, ligi ya American football, nkhani ndi ina: timu imakhala ndi osewera 53, pokonzekera nyengo amafika 90, ndipo manambala amagawidwa potengera malo amene munthu amasewera. Chicago Bears atafika pa manambala 14 ndi 89 ya Mike Ditka mu 2013, ananena kuti basi. N'zosadabwitsa kuti NFL sinapumitsepo nambala m'ligi yonse.

Mpira wamiyendo uli ndi chopinga chozama kuposa masamu. Kuno nambala inayamba ngati dzina la malo: 1 goloboyi, 9 womwetsa zigoli, 10 woganizira timu. Manambala a munthu payekha anafika mu Premier League mu 1993 chabe. Matimu amapumitsa ndithu: AC Milan 6 ya Franco Baresi ndi 3 ya Paolo Maldini, Ajax 14 ya Johan Cruyff, West Ham 6 ya Bobby Moore, Liverpool 20 ya Diogo Jota mu 2025. Koma malamulo a mipikisano amawabweza. Napoli inapumitsa 10 ya Diego Maradona mu 2000, kenako itagwera m'ligi yaing'ono ya Serie C mu 2004, kumene oyamba masewero ankavala 1 mpaka 11, inakakamizika kuitulutsanso. Argentina inafuna kupita ku World Cup ya 2002 yopanda nambala 10, FIFA inakana chifukwa mndandanda unkayenera kukhala 1 mpaka 23, ndipo jeziyo inapita kwa Ariel Ortega. Cameroon inakumana ndi khoma lomweli pa 17 ya Marc-Vivien Foé, amene anagwa m'bwalo ku Lyon mu Juni 2003 n'kumwalira. Ku La Liga osewera a timu yaikulu amavala 1 mpaka 25, ndiye kupumitsa nambala kuli ngati kudzichotsera malo a wosewera mmodzi.

Maradona atamwalira mu Novembala 2020, André Villas-Boas, amene panthawiyo ankaphunzitsa Marseille, anapempha kuti FIFA ichotse 10 m'mipikisano yonse. Chisoni chake chinali chomveka, koma ganizolo n'lolakwika. Nambala 10 inali ya Pelé Maradona asanaivale, ndipo kulemera kwake kumachokera pa kusiyirana. FIFA ikanavomera pempho la Argentina mu 2002, Lionel Messi sakanakweza chikho ku Qatar mu 2022 atavala nambala yomwe ija imene Maradona anakweza nayo chake ku Mexico mu 1986.

Maganizo athu ndi akuti katswiri wa zigoli ndi zikho alemekezedwe ndi timu yake, m'bwalo limene anthu anamuchemerera. Ligi yonse ilowererepo pokhapokha pamene munthuyo anasintha yankho la funso loti ndani akuloledwa kusewera, monga Robinson, kapena pamene anaika ntchito yake pachiswe chifukwa cha ena, monga Russell. Pa muyeso umenewu Clemente ali pafupi kwambiri kuposa Jordan. Ndipo ligi ikafika pogamula, ilembe mfundo zake poyera isanatchule dzina, isagamule maliro ali mkati, iwasiye amene avala kale nambalayo amalize, ndipo iike tsiku limodzi pachaka loti nambalayo ivalidwe ndi onse.