Khirisimasi ya ku London si ya chipale chofewa

Ambiri timaganiza kuti tikapita ndi ana ku London mu Disembala tikapeza misewu itayera mbee ndi chipale chofewa, monga pa makadi a Khirisimasi. Ayi ndithu. Mphepo yochokera kunyanja ya Atlantic imachepetsa kuzizira, choncho kawirikawiri kumangogwa mvula yowaza, ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.

Ana amasangalalabe. Ku Natural History Museum, nyumba yoonetserako zinthu zachilengedwe, amalowa ulere, ndipo pa bwalo la Trafalgar Square pamaima mtengo waukulu umene mzinda wa Oslo, likulu la Norway, umapereka chaka chilichonse kuyambira 1947. Kungoti pa 25 Disembala sitima zapansi ndi mabasi a mumzindawu sayenda, ndiye konzekeranitu. Amene akufunadi chipale chofewa alowere ku Rovaniemi, kumpoto kwa Finland.