Lamulo loletsa kupha ng'ombe ku India: mafunso ndi mayankho

Kodi n'zoona kuti ku India munthu angamangidwe chifukwa cha nyama ya ng'ombe?

Inde, koma zimatengera komwe wafikira. India alibe lamulo limodzi la dziko lonse pa nkhaniyi. Ndime 48 ya malamulo oyendetsera dzikolo, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1950, imangolangiza boma kuti liyesetse kuletsa kupha ng'ombe zazikazi, ana a ng'ombe ndi ng'ombe zogwira ntchito. Zokhazikitsa lamulo lenilenilo anasiyira chigawo chilichonse. Ku Gujarat, chiyambire 2017, wopha ng'ombe akhoza kukhala kundende moyo wake wonse. Ku Maharashtra, komwe kuli Mumbai, mu 2015 anawonjezera nkhunzi ndi ng'ombe zapangolo pa zoletsedwazo. Koma ku Kerala, kapena kumapiri a Nagaland ndi Meghalaya, nyama ya ng'ombe imakazingidwa poyera m'malesitilanti.

Vuto la ng'ombe n'chiyani?

Ahindu, omwe ndi pafupifupi 80 pa anthu 100 aliwonse m'dzikomo, ambiri mwa iwo amalemekeza ng'ombe yaikazi ngati mayi chifukwa cha mkaka wake. Izi zisatidabwitse. Kwathu kuno wina amagula mbewa zapandodo m'mbali mwa msewu wa M1, mnzake m'basi momwemo n'kutembenuzira nkhope kuwindo. Msilamu ndi Mseventh Day sadya nkhumba, ndipo palibe amene amawakakamiza. Kusala chakudya si mlandu. Nkhani imavuta pamene kusala kwa gulu limodzi kwasanduka lamulo la aliyense, apolisi n'kumayang'ana mumphika mwa munthu wachipembedzo china.

Nanga nyama imene India amagulitsa kunja ija ndi ya chiyani?

Ndi ya njati zoweta. India ali m'gulu la mayiko amene amatumiza nyama yambiri yotere kunja, kumayiko monga Vietnam, Malaysia ndi Egypt, ndipo malamulo ambiri am'zigawo saikhudza njati. Imakamidwa mkaka ngati ng'ombe, imakoka ngolo ngati ng'ombe, imamva ululu ngati ng'ombe, koma ikakalamba imapita ku butchala popanda wolira maliro. Choncho amene amati malamulowa ndi ochitira chifundo ziweto ali ndi funso loti ayankhe.

Asilamu akulowamo bwanji? Chisilamu chimalamula kudya ng'ombe?

Ayi. Ng'ombe ndi halaal ikazingidwa moyenera, koma palibe chokakamiza kuidya. Bwalo lalikulu la milandu la India linanena zomwezi mu 1958, pa mlandu umene anthu ogulitsa nyama anasumira boma la Bihar: kupha ng'ombe pa Eid ya nsembe si chinthu chokakamiza kwa Msilamu, poti mbuzi ilipo. Komabe nthawi imeneyo bwalolo linalola kuti nkhunzi ndi ng'ombe zapangolo zimene zatha mphamvu ziziphedwa. Mu 2005 linasintha maganizo n'kuvomereza lamulo la Gujarat loletsa ngakhale zimenezo.

Chomwe chimawaika Asilamu pamoto n'chakuti malonda a nyama ndi zikopa akhala m'manja mwawo, pamodzi ndi a Dalit (anthu amene akhala akusalidwa ngati gulu lotsikitsitsa m'chikhalidwe cha ku India), kwa mibadwo yambiri. Nyama ya ng'ombe ndiyonso inali ndiwo yotsika mtengo kwa osauka. Lamulo silitchula chipembedzo cha munthu, koma woyendetsa lole yonyamula ziweto usiku, wosenda chikopa, wogulitsa nyama pamsika, nthawi zambiri ndi Asilamu ndi a Dalit omwewa. Asilamu ndi pafupifupi 14 pa 100 aliwonse, malinga ndi kalembera wa 2011.

Akuti anthu ena anaphedwa. Analakwira lamulo?

Apa ndiye pali chilonda. Pali magulu odzitcha "gau rakshak", oteteza ng'ombe, amene amatchinga misewu n'kumasecha magalimoto ngati apolisi. Mu September 2015, m'mudzi wina pafupi ndi Dadri ku Uttar Pradesh, kunalengezedwa pa chimkuzamawu cha pakachisi kuti kwaphedwa ng'ombe. Chikhamu chinathyola nyumba ya Mohammad Akhlaq usiku, n'kumumenya mpaka kufa, mwana wake n'kuvulala kwambiri. Chomvetsa chisoni china n'chakuti pambuyo pake mkangano waukulu unali pa nyama yomwe inatumizidwa kukapimidwa, ngati ndi ya mbuzi kapena ya ng'ombe, ngati kuti yankho lake likanasintha kanthu pa imfa ya munthuyo.

Mu April 2017, Pehlu Khan, mlimi wa ng'ombe zamkaka, anagula ng'ombe pamsika ku Jaipur. Pobwerera anamuimitsa m'dera la Alwar n'kumumenya, ndipo anamwalira kuchipatala patapita masiku awiri. Ngakhale kuti kanema wa chipwirikiticho anafala paliponse, mu 2019 bwalo la milandu linamasula anthu asanu ndi mmodzi omwe ankazengedwa mlanduwo. A Dalit nawonso zinawagwera: ku Una, ku Gujarat, mu 2016, anyamata anamangiriridwa kugalimoto n'kukwapulidwa chifukwa chosenda ng'ombe yakufa kale, ntchito imene mabanja awo akhala akugwira kuyambira kalekale.

Palibe lamulo la chigawo chilichonse lololeza zimenezi. Mu 2018 bwalo lalikulu linalamula maboma am'zigawo kuti achitepo kanthu pa kuphana kotere.

Alimi achihindu akupindula nalo lamuloli?

Ambiri akulira nalo. Kale ng'ombe ikaleka kutulutsa mkaka, mlimi ankaigulitsa n'kuwonjezera ndalama zogulira ina. Pano wogula akuopa, ndiye mwini wake amangoimasula usiku kuti ikadzionere yokha. Ku Uttar Pradesh ng'ombe zopanda mwini zimalowa m'minda ya tirigu, alimi n'kumagona kumunda ndi tochi ndi ndodo. Boma lamanga makola osungiramo ng'ombe zotere, koma kudyetsa chiweto chosabweretsa kanthu kwa zaka zambiri si ndalama yamasewera.

Ndikupita ku India kuchipatala kapena kusukulu. Ndisamale chiyani?

Funsani za lamulo la chigawo chomwe mukupitacho musananyamuke, ndipo nyama yofutsa ya ng'ombe isiyeni kunyumba. Pa zakudya zam'mapaketi yang'anani kachizindikiro: kobiriwira ndiye kuti mulibe nyama, kofiirira muli nyama kapena dzira. McDonald's ya kumeneko sagulitsa ng'ombe kapena nkhumba. Eni nyumba ena salola wochita lendi kuphika nyama iliyonse, choncho gwirizanani musanapereke ndalama. Kwa Asilamu, nkhuku ndi mbuzi za halaal zimapezeka mosavuta m'mizinda ikuluikulu, koma dziwani kuti mu November 2023 boma la Uttar Pradesh linaletsa kugulitsa m'chigawomo zakudya zam'mapaketi zokhala ndi chidindo cha halaal, kupatula zotumiza kunja.