Paketi yalembedwa kuti "gluten-free", nanga bwanji m'mimba mukupotabe?

Guluteni ndi puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi mbewu ina yotchedwa rye. Ndiyo imachititsa kuti ufa wa mandasi uzinyumbwika ndi kutamuka mukamaukanda. Anthu ambiri amaidya popanda vuto. Koma pali matenda a celiac, omwe amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse m'mayiko momwe anthu ayezedwa kwambiri. Wodwalayo akadya guluteni, chitetezo cha m'thupi mwake chimalusa n'kuyamba kuwononga khoma lamkati la matumbo aang'ono, momwe chakudya chimalowera m'magazi. Kenako pamabwera kutsekula m'mimba, kufufuma mimba, kuchepa magazi, kufooka, ndipo ena amatuluka timatuza toyabwa m'zigongono ndi m'mawondo. Ana amapinimbira. Chithandizo chake n'chimodzi: kusiyiratu guluteni moyo wonse.

Ena amasiyadi, n'kumagula zokhazo zolembedwa kuti "gluten-free", kutanthauza zopanda guluteni, koma amadwalabe. Sikuti akudziyerekeza.

Mawu a papaketiwo satanthauza kuti mulibiretu guluteni. Mlingo womwe bungwe la Codex Alimentarius, la pansi pa FAO ndi WHO (nthambi za United Nations zoona za chakudya ndi zaumoyo), linakhazikitsa mu 2008 umalola mamiligalamu osapitirira 20 pa kilogalamu ya chakudya. America, Britain ndi mayiko a European Union amatsata mlingo womwewu. Australia ndi New Zealand ndi okhwima kwambiri: kumeneko guluteni isapezeke n'komwe poyeza.

Mlingowu umateteza odwala ambiri, koma osati onse. Kafukufuku yemwe Carlo Catassi ndi anzake a ku Italy anafalitsa mu 2007 anaonetsa kuti mamiligalamu 50 patsiku kwa miyezi itatu amawononga matumbo. Ambiri anapirira mamiligalamu 10, komabe mmodzi mwa omwe ankapatsidwa mlingo wochepawu anayambiranso kudwala. Tsono werengerani nokha: munthu akadya theka la kilogalamu ya zakudya zomwe zili pamalire peniyeni, wafika kale pa mamiligalamu 10. Buledi wapadera m'mawa, mabisiketi masana, supageti madzulo, zonse zovomerezeka, koma zikuunjikana m'mimba imodzi.

Kufakitale nakonso zimalakwika. Mu October 2015 kampani ya General Mills inabweza m'masitolo mabokosi pafupifupi 1.8 miliyoni a chakudya cha m'mawa chotchedwa Cheerios olembedwa kuti "gluten-free", ufa wa tirigu utalowa molakwika mu ufa wa mbewu yotchedwa oats kufakitale yake ya ku Lodi, California, ku America. Oats ndi wofunika kusamala naye mwapadera, chifukwa nthawi zambiri amakololedwa ndi kunyamulidwa ndi zipangizo zomwezo za tirigu, ndiponso odwala ena ochepa sayanjana ndi puloteni yakeyake ngakhale atakhala wosasakanikirana. Zakudya zofufumitsa kapena zosasitsa, monga mowa wa balere womwe amati auchotsa guluteni, ndi soya sosi, zimavuta kuyeza chifukwa puloteniyo imakhala itaduka tizidutswa. Munthu amene thupi lake silichedwa kulusa angozipewa.

Si nthawi zonse pamene wolakwa amakhala guluteni. Matumbo owonongeka amalephera kugaya shuga wa mumkaka kwa kanthawi, ndipo zina zomwe amathira mu buledi wapadera kuti agwirane zimadzaza mpweya m'mimba. N'chifukwa chake sibwino kumangochotsa chakudya ichi ndi icho mongoganizira mpaka munthu kutsala wopanda chodya.

Zoyenera kuchita

Ngati simunayezedwepo, musasiye tirigu musanaonane ndi dokotala. Kuyeza magazi ndi kuona kachidutswa ka matumbo kumanena zoona pokhapokha munthu akudyabe guluteni.

Ngati munapezeka kale ndi celiac koma zizindikiro sizikutha, bwererani kuchipatala. Lembani zomwe mukudya ndi nthawi yomwe mwadwala, ndipo sungani paketi yomwe mukuikayikira pamodzi ndi nambala zake, kuti mukaonetse adokotala ndi kudziwitsa opanga.

Chepetsani zakufakitale. Apa ife tili ndi mwayi, kaya tili kumudzi kaya ku Johannesburg kapena ku Leeds: nsima ya chimanga, kondowole, mpunga, mapira, mawere, mbatata, nyemba, nsomba, mazira ndi masamba zilibe guluteni mwachibadwa. Ngozi imalowera panjira. Zitumbuwa kapena tchipisi zokazingidwa m'mafuta a mandasi sizili bwino. Chigumu ena amathiramo ufa wa tirigu, choncho funsani. Werengani zolembedwa pa supu wa ufa, timabuloko tokometsera ndiwo ndi masoseji. Kunyumba wodwalayo akhale ndi sefa, mthiko ndi majarini akeake, pakuti nyenyeswa za buledi zotsalira pampeni n'zokwanira kumudwalitsa.

Mwana amene akuwonda, kapena wamkulu amene akusanza kosalekeza, akuona magazi m'chimbudzi kapena watha madzi m'thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo.